PA TEBULO LA MAKHADI: Tchinga kaye, chibakera pambuyo

Amalonda anzanga, sabata ino tikambe za Magic: The Gathering, masewera amene Richard Garfield anapanga ndipo anatuluka ku America m'chaka cha 1993. Si njuga ayi. Anthu awiri amalimbana ngati asing'anga, aliyense ndi mulu wake wa makhadi osachepera 60 ndi moyo wa mapointi 20. Moyo ukafika pa ziro, basi zako zada.

Ongoyamba kumene amakonda kudzaza mulu ndi makhadi a zilombo kuti amalize mnzawo msangamsanga. Koma kuthamanga sikufika. Lero tione kamangidwe ka mulu wotchinga.

Choyamba ndi mpamba. Pafupifupi khadi lililonse limafuna malipiro otchedwa mana, osati a m'chipululu aja ayi. Manawo amachokera m'makhadi a malo, a Land, ndipo lamulo limalola kuika imodzi yokha nthawi yanu yosewera ikafika. Wotchinga asaumire pamenepa. Ikani 25 kapena 26, chifukwa khadi lamphamvu popanda mana lili ngati katundu wotsekeredwa kuhoselo inu m'thumba muli mbee.

Chachiwiri ndi mayankho, ndipo pa mitundu isanu ya makhadi, oyera ndi abuluu ndiwo akatswiri. Swords to Plowshares imachotsa chilombo chimodzi ndi mana amodzi okha. Counterspell, ya mana awiri, imakaniza khadi la mnzanu lisanagwire n'komwe ntchito. Wrath of God, ya mana anayi, imasesa zilombo zonse pabwalo, ndi zanu zomwe. Khadi la dzina limodzi musapyoze anayi, kupatula Land wamba.

Tsono nayi samu yake. Mnzanu waika zilombo zitatu, inu mwaponya Wrath imodzi. Iye wataya makhadi atatu, inu limodzi. Phindu limenelo! Brian Weissman anatchuka ndi nzeru imeneyi cha m'ma 1995 ndi 1996 ndi mulu wake wotchedwa The Deck. Ndiye musanjenjemere akakumenyani kawiri katatu. Mulekeni atulutse zonse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopambana atatsala ndi pointi imodzi wapambana ndithu.

Chachitatu, sungani chomalizira. Weissman ankadalira Serra Angel ziwiri zokha, mngelo wouluka amene amamenya koma n'kukhalabe chilili kutchinga pakhomo. Muikeni pabwalo pokhapokha manja a mnzanu atauma, inu muli ndi mana otsala omutetezera. Koma musatchinge mpaka kugona, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pampikisano ndime imodzi nthawi zambiri ndi mphindi 50, ndipo amene wasowa khadi lotola pamulu wake waluza.

Chenjezo lomaliza: makhadi akalewa saloledwa m'mipikisano yonse. Funsani kaye malamulo musanatulutse ndalama, mungagule katundu wosayenda.

Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola.