Musanayale udzu wapulasitiki, funsani kumene madzi adzapita

Ambiri mwa inu amene munamaliza maphunziro pano muli ku Lusaka, kumene mukusamalira mabwalo a nyumba, a sukulu za mkaka ndi a malo ogona alendo. Ntchito imene ikukupezani kawirikawiri masiku ano ndi yoyala udzu wapulasitiki. Mwininyumba ku Chawama kapena ku George watopa ndi matope a mu Januwale, ndipo akufuna bwalo lobiriwira losalira kuthirira kapena kutchetcha. Sitimuona wolakwa. Koma ife tikuti musavomere ntchitoyo musanadziwe njira imene madzi a pabwalopo adzatulukire.

Udzu umenewu uli ndi timabowo kunsi kwake, ndipo ogulitsa sanama akamati madzi amadutsa. Nanga akadutsa amapita kuti? Dothi la makande limamwa madzi mochedwa kwambiri. Likanyowa limafufuma, likauma mu Okutobala limang'aluka. Mukayala pulasitiki pa dothi lotere, madzi amadikha pansi pake, udzu umachita makwinya, pena umatitimira, ndipo fungo limayamba. Matope aja amakhala akadalipo, angophimbidwa.

Ku Lusaka vutoli lili pawiri. Pamayadi ena pali dongo, koma mbali yaikulu ya kumwera ndi kumadzulo kwa mzindawu, kuphatikizapo Kanyama, ili pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, ndipo m'dzinja madzi apansi amakwera mpaka kufika pafupi ndi pamwamba. Akuluakulu akukumbukirabe chigumula cha ku Kanyama cha mu 1978. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la America, inathandiza madera amene imadutsamo, koma siifika pakhomo la munthu aliyense. Madzi osefukira akasakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba n'kulowa m'zitsime zosazama, zotsatira zake tinaziona: kolera wa mu 2017 ndi 2018, ndiponso wa mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Choncho kumene mukulozetsa madzi a pabwalo limodzi kukukhudza thanzi la komboni yonse.

Yambirani padenga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Denga lamalata la mamita 10 kwa 6 likalandira mvula ya mamilimita 30 limakhuthula malita 1,800, ndiwo madiramu 9 a malita 200. Ikani magatala, madziwo alowe m'thanki kapena m'madiramu ovindikira, ndipo mudzakhala mwachotsa gawo lalikulu la matope musanagwire khasu.

Kenaka yesani dothi monga timachitira kumunda. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mulidzaze madzi, akaphwa mulidzazenso. Mukawapeza alipobe tsiku lotsatira, dziwani kuti dzenje lomwetsera madzi silidzagwira ntchito pamalopo. Ndipo kumene madzi apansi ali pafupi, kapena kumene kuli chimbudzi kapena chitsime chapafupi, dzenje loterolo musalikumbe n'komwe.

Dothi likakana kumwa, madzi apatseni njira. Salazani bwalo kuti lipendekeke kuchoka kukhoma la nyumba, masentimita 2 pa mita iliyonse, ndipo yezani ndi chingwe ndi levulo, chifukwa diso limanyenga. Kumunsi kwake kumbani kangalande kotsetsereka, muyalemo nsalu yosefa dothi, muikemo paipi yoboolaboola, n'kukwirira ndi miyala yophwanya, yonga imene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Paipiyo ikathere m'ngalande ya mumsewu. Mukatero chotsani dothi lapamwamba, thirani miyala yophwanya yochindikala masentimita 10, muitsindire bwino, pamwamba pake fumbi la miyala pang'ono. Udzu ubwere pomalizira. Musamaike mchenga wokhawokha pa dongo, pakuti mvula imaukokolola ndipo bwalo limasanduka zigwembezigwembe.

Tikudziwa chimene mudzayankha: mwininyumba adzati mtengo wakwera, n'kuitana wina woyala tsiku limodzi. Zimenezo zidzachitikadi, ndipo ntchito zina zidzakuphonyani. Koma m'komboni mbiri imathamanga. Udzu ukayandama mu Febuluwale, anthu sadzatchula dothi, adzatchula dzina la amene anayala. Pali ndi ena amene amathetsa vuto mwa kuboola mpanda kuti madzi athamangire kwa mnansi. Mlimi wophunzira sachita zimenezo, ngakhale wolipira atamuuza.

Ngati bwalo lili m'chidikha moti palibe kotulutsira madzi, nenani zoona kuti pulasitiki pano siyenera. Musaiwalenso kuti udzu umenewu umatentha kwambiri padzuwa la mu Okutobala moti ana sangapondepo opanda nsapato, ndipo dothi la pansi pake sililandiranso manyowa. Patsani mwininyumba njira ina: kanjira kokwera ka njerwa kuchokera pageti kufika pakhomo, mabedi okwezeka a repu, chibwabwa ndi anyezi odzazidwa ndi kompositi, nthochi pamalo ponyowa kwambiri, ndi kapinga weniweni amene mizu yake imagwira dothi. Bwalo lotere limamwa mbali ina ya mvula, limaperekanso ndiwo.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi chilimwe, dothi lisanafewe, koma nthawi yoyendera bwalo ndi dzinja. Pitani mvula ikangokata, imani pakona, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akuima. Mtengo mutchule mutaona zimenezo.