Kabwe: Odzipereka akuteteza ana ku mtovu, koma gwero la vutoli likadalipo

Nyengo ya chilimwe ikafika mumzinda wa Kabwe m'dziko la Zambia, mphepo imanyamula fumbi kuchokera pa milu ya zotsalira za mgodi wakale ndi kukalimwaza m'makomboni oyandikana nawo. Makandanyama ndi imodzi mwa makomboni amenewa, pamodzi ndi Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu. Fumbilo lili ndi mtovu, ndipo limagwa pabwalo pomwe ana amasewera, pa mbale zoyanikidwa pathandala ndi pa ndiwo za m'dimba.

Mgodi wa Kabwe, mzinda womwe kale unkatchedwa Broken Hill, unatsegulidwa miyala ya mtovu ndi zinki itapezeka m'chaka cha 1902, ndipo unatsekedwa mu 1994. Papita zaka zoposa 30 chitsekereni, koma mulu waukulu wa zotsalira, womwe anthu amautcha Black Mountain, sunakwiriridwebe. M'zaka zonsezi, mbali yaikulu ya ntchito yoteteza ana tsiku ndi tsiku yakhala m'manja mwa anthu ogwira ntchito mongodzipereka: amayi ndi abambo a m'makomiti a zaumoyo a m'madera, aphunzitsi, ndi achinyamata ophunzitsidwa ndi mabungwe omwe si aboma.

Kukula kwa vutoli kumaoneka m'magazi a ana. Madokotala amayeza mtovu pa mamayikulogalamu opezeka m'desilita imodzi ya magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wabwino m'thupi, ndipo mwana akafika pa mlingo wa 5 pamafunika kufufuza komwe mtovuwo ukuchokera. Akafika pa 45 amafunika mankhwala ochotsa mtovu m'magazi. Kafukufuku yemwe akatswiri a pa University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa mu 2015 anayeza ana 246 a zaka zosakwana 7 ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ana onsewo anapyola mlingo wa 5, ndipo mwana mmodzi anapezeka ndi mlingo woposa 400. Kafukufuku wina wa mu 2018 anasonyeza kuti pafupifupi theka la ana a m'makomboni okhudzidwa kwambiri anali pa mlingo wofunika mankhwala.

Chovuta ndi chakuti mtovu umaononga mwakachetechete. Mwana amatha kuoneka bwino pamene ubongo wake ukuonongeka. Zizindikiro monga kupweteka kwa m'mimba ndi mutu, kuchepa kwa magazi, kuiwalaiwala ndi kulephera m'kalasi zimafanana ndi za matenda ena, kotero kholo silithamangira kuchipatala. Ana aang'ono ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chifukwa amakwawa pansi ndi kuika zala mkamwa, ndipo matupi awo amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa a akulu. Mayi woyembekezera amapatsiranso mwana wa m'mimba mtovu womwe uli m'thupi mwake.

Apa ndi pomwe wodzipereka amafunikira. Namwino amadikira odwala pachipatala, pamene wodzipereka amakhala m'komboni momwemo, amalankhula chilankhulo cha anthu ake ndipo amadziwa nyumba yomwe muli khanda. Uthenga womwe amanyamula ndi wosavuta kuumva: kusambitsa ana m'manja asanadye, kuwaza madzi musanasese pabwalo, kukolopa m'nyumba ndi nsalu yonyowa, kutsuka ndiwo zamasamba bwinobwino, kudzala kapinga kuti dothi lisakhale poyera, ndi kuletsa amayi oyembekezera kudya dothi. Amalimbikitsanso zakudya monga kapenta, nyemba ndi mkaka, popeza mwana wanjala kapena woperewera ayironi ndi kashiamu amayamwa mtovu wochuluka. Ntchito yoyeza magazi ikabwera, odzipereka ndiwo amamema makolo kuti apite ndi ana, ndipo amathandiza kuchotsa mantha omwe ena amakhala nawo pa nkhani yotengedwa magazi.

Mabungwe angapo akhala akudalira anthu otere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la ku America la Blacksmith Institute, lomwe tsopano limatchedwa Pure Earth, linathandiza kukhazikitsa bungwe la Kabwe Environmental and Rehabilitation Foundation kuti liziphunzitsa anthu za kuopsa kwa mtovu. Blacksmith Institute ndiyo inaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oonongeka kwambiri padziko lonse mu 2006. Cha m'ma 2015, Pure Earth mogwirizana ndi Environment Africa, ndi thandizo la ndalama lochokera ku bungwe losamalira ana la Terre des Hommes, inaika dothi labwino pamabwalo a nyumba zina ku Chowa. Environment Africa yakhalanso ikuphunzitsa achinyamata a mumzindawu, omwe amafalitsa uthengawu m'masukulu ndi kupempha akuluakulu a boma kuti achitepo kanthu.

Komabe mbiri ya Kabwe ikusonyeza malire a ntchito yodzipereka. Malire oyamba ndi akuti ntchitoyi imayenda pamene pali pulojekiti ya opereka thandizo, ndipo imazilala pulojekitiyo ikatha. Pulojekiti ya Copperbelt Environment Project, yomwe inalandira ndalama ku World Bank kuyambira 2003 mpaka 2011, inayeza ana ndi kupereka mankhwala. Koma pamene bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lake mu 2019, linapeza kuti zipatala za boma ku Kabwe zinalibe zipangizo zoyezera mtovu ngakhalenso mankhwala ake. Kwa zaka zingapo, wodzipereka ankatha kuchenjeza kholo koma analibe koti alitumize. Kuyeza ndi kupereka mankhwala kunayambanso pansi pa pulojekiti ina ya ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni a ku America, yomwe World Bank inavomereza mu Disembala 2016.

Malire achiwiri ndi umphawi. Kuuza mayi kuti aziwaza madzi pabwalo ndi kuthirira kapinga ndi kosavuta, koma madziwo ndi ogula. Kuuza banja kuti lizimwetsa mwana mkaka kumafuna ndalama zomwe mabanja ambiri alibe chitsekereni mgodi. Anthu ena a m'makomboni omwewa amapeza chakudya pokumba miyala pa mulu wa zotsalira, ndipo amabwerera kunyumba ndi fumbi m'zovala. Wodziperekayo nayenso ndi wa m'dera lomwelo: ana ake amapuma fumbi lomwelo, ndipo tsiku lomwe wayenda khomo ndi khomo ndi tsiku lomwe sanagulitse kumsika.

Malire achitatu ndiwo aakulu koposa. Mankhwala amatsitsa mtovu m'magazi, koma mwana akabwerera pabwalo lomwe lili ndi mtovu, mlingo umakweranso. Phunziro limeneli linaonekeratu m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, komwe ana oposa 400 anamwalira ndi mtovu wochokera m'miyala ya golide kuyambira mu 2010. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières ankaumirira kuti mudzi uyambe wayeretsedwa, kenaka ana apatsidwe mankhwala. Ku Kabwe, bwalo loyeretsedwa lero likhoza kudetsedwanso ndi mphepo ya chaka chamawa malinga ngati mulu uja uli poyera. Mu Malichi 2025, Human Rights Watch inanenanso kuti makampani akhala akututa zotsalira za mgodi ndi kuziunjika m'malo ena a mumzindawu, zomwe zikuwonjezera chiopsezo kwa ana.

Funso la yemwe ayenera kulipira ntchito yoyeretsa mzindawu linafika kukhoti. Mu Okutobala 2020, maloya oimira amayi ndi ana pafupifupi 140,000 a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American South Africa kukhoti lalikulu la ku Johannesburg. Kampaniyi, yomwe inali ndi gawo mumgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974, imakana mlanduwu. Khotilo linakana pempho la odandaula mu Disembala 2023, ndipo mu Epulo 2024 linawalola kuchita apilo. Milandu yotere imatenga zaka, pamene ubongo wa mwana umakula mofulumira m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo zomwe mtovu waononga m'nthawi imeneyi sizibwereranso.

Dziko la Zambia lili kale ndi chitsanzo cha momwe ntchito ya m'madera ingakhazikitsidwire. Kuyambira mu 2011, boma linayamba kuphunzitsa ku Ndola othandiza zaumoyo m'madera, otchedwa Community Health Assistants, omwe ankaphunzira kwa chaka chimodzi ndi kulembedwa ntchito yolipidwa. Njira yofanana ndi imeneyi ikhoza kuthandiza makomboni a ku Kabwe: kupatsa odzipereka maphunziro obwerezabwereza, kangachepe kowathandiza, ndi chitsimikizo chakuti mwana yemwe amutumiza kuchipatala akapeza choyezera ndi mankhwala chaka chilichonse, kaya pali pulojekiti kaya palibe.

Odzipereka a ku Makandanyama ndi makomboni oyandikana nawo achita mbali yomwe munthu angathe kuchita ndi miyendo ndi pakamwa pake. Kukwirira mulu wa zotsalira, kuika phula m'misewu yafumbi ndi kusintha dothi pamakomo ndi pamasukulu kumafuna makina, ndalama ndi lamulo, zomwe zili m'manja mwa boma ndi makampani a migodi. Kufikira ntchito imeneyi itachitika, chilimwe chilichonse chizibwezera odzipereka pamakomo omwewo, ndi uthenga womwewo, kwa makolo a ana obadwa kumene.