Makilogalamu 79 aja sali kudzala kwa amayi anga

Lipoti la chaka cha 2024 la UNEP, bungwe loona za chilengedwe padziko lonse, likuti munthu mmodzi amataya chakudya cholemera makilogalamu 79 pa chaka pakhomo pake. Nditamva, ndinawerengera m'matumba a chimanga: thumba limodzi ndi theka, n'kupitirira. Ndinakumbukira amayi anga kumudzi, kufupi ndi Embangweni, ndipo mtima unakana.

Kwathu nsima yotsala imagona m'mbale, m'mawa ana amadya mkute. Madeya ndi a nkhuku ndi nkhumba. Nkhwani ukachuluka amaufutsa kuti udzakhale ndiwo mu Okutobala. Kudzala kumapita phulusa ndi zinyalala za pabwalo.

Sindikuti nambalayo ndi yabodza. Anaphatikiza dziko lonse lapansi n'kugawa mofanana, anawerengera makoko ndi mafupa omwe, ndipo maiko amene alibe kafukufuku wawo anawayerekezera ndi anzawo. Choncho amene angaitenge n'kupita nayo ku Luwerezi kukalangiza amayi kuti azichepetsa ufa mumphika walakwira anthu osalakwa.

Chakudya chathu chimawonongeka chisanafike pamoto. Imani pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, nthawi imene tomato wachuluka. Madengu amatandala padzuwa tsiku lonse, ogula amatsitsa mtengo podziwa kuti mlimi sangabwerere naye kudimba, ndipo wofewa amakhuthulidwa madzulo. Lowani m'nyumba mu Disembala, mumasule thumba la chimanga chimene sichinathiridwe mankhwala: nankafumbwe wachisandutsa fumbi. Zonsezi sizili m'makilogalamu 79 aja, koma ndi zimene zimabweretsa njala mu Febuluwale.

Za lendi ya nyumba n'chimodzimodzi: zimene zimalembedwa si zimene ambirife timakumana nazo. Malawi Housing Corporation ikakweza lendi, nyuzi zonse zimalemba. Koma ambirife pa boma la Mzimba timachita lendi kwa eninyumba wamba, ena mwa iwo anamanga ndi ndalama za ku Joni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, lendi yathu n'kutsatira. Ine ndinauzidwa za kukwerako ndi pakamwa, pakhomo, mwezi ukutha.

Ndikupempha khonsolo ya M'mbelwa ndi a National Statistical Office ku Zomba kuti atumize anthu ndi sikelo ndi kope pa Jenda nyengo ya tomato ikubwerayi, akayeze amene wagulidwa ndi amene watayidwa. Akamabwerera, adutse pa boma afunse alendi zimene amalipira.