Wankhondo Wodzichiza Yekha

Ngati mumasewera World of Warcraft usiku anzanu atagona, musadzivutitse ndi wankhondo wodalira wochiritsa kumbuyo kwake. Ine ndinataya miyezi ndi Warrior, kumangomuunjikira mphamvu zomenyera, koma adani akafika anayi basi, ankagwa chagada. Maso anatseguka nditatenga Death Knight wa Blood, mtundu umene Blizzard inabweretsa mu 2008 ndi Wrath of the Lich King. Chinsinsi chake chili pa Death Strike: mukamenya nayo, imakubwezerani gawo la moyo umene mwataya m'masekondi 5 apitawa. Ndiye musamaiphulitse mwaphuma. Sungani Runic Power, mphamvu yomenyera Death Strike, mulole mdani akuswenitu ndi chibonga chachikulu chija, mzere wa moyo utsike mpaka mtima kuti myuu, kenako bwezerani muone ukukweranso. Bone Shield isathe, muziiwonjezera ndi Marrowrend, ndipo wamatsenga wobisala patali mukokereni pafupi ndi Death Grip. Kupha kwake n'kochedwa ndithu, tiyi amazizira mdani asanagwe. Koma kwa wosewera yekhayekha, palibe womposa.