Amayi adalera rock, koma ulemu ukuwapeza mochedwa

Mu Okutobala 2024, bungwe la Rock and Roll Hall of Fame, lomwe limasunga mbiri ya akatswiri a chamba cha rock mumzinda wa Cleveland ku America, lidalemba dzina la Big Mama Thornton m'kaundula wake wa ulemu. Mwini dzinalo adali atagona m'manda zaka 40, pakuti adamwalira mu 1984. Chaka chotsatira bungwelo lidalemekezanso Carol Kaye, katswiri wa gitala ya besi amene luso lake likumveka m'nyimbo zambirimbiri zojambulidwa ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1960. Apa n'kuti Kaye ali ndi zaka 90, ndipo adakana kukapezeka pamwambowo.

Ena akuona ulemu woterewu ngati chizindikiro choti zinthu zasintha. Kusinthako kulipodi, koma kuchedwa kwake kukuulula gwero la vuto. Amayi akhala akuimba rock chiyambire. Chimene akhala akusowa ndi mpando pakati pa anthu amene amagamula za yemwe ayenera kukumbukiridwa.

Thornton ndiye adayamba kujambula nyimbo ya "Hound Dog" mu 1952, ndipo itatuluka chaka chotsatira idakhala pamwamba pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues kwa milungu isanu ndi iwiri. Iye ankanena kuti adangolandirapo madola 500. Elvis Presley adaijambulanso mu 1956, ndipo kufikira lero anthu ambiri amaiyesa yake. Thornton asadatchuke, kudali kale Sister Rosetta Tharpe, woimba nyimbo zauzimu amene ankaliza gitala yamagetsi mwaukali m'zaka za m'ma 1940. Little Richard ndi Johnny Cash onse adanenapo poyera za momwe mayiyu adawakokera ku zoimba. Tharpe adamwalira mu 1973, manda ake ku Philadelphia adakhala zaka zoposa 30 opanda chiliza, ndipo Hall of Fame idamulemekeza mu 2018.

Pamwambo woyamba wa bungweli mu 1986, Presley, Little Richard ndi Chuck Berry adalowa m'kaundula, koma mudalibe mayi ndi mmodzi yemwe. Aretha Franklin ndiye adatsekula chitseko mu 1987. Padatenga zaka zina 32 kuti mayi alowe kawiri, pamene Stevie Nicks adalemekezedwa payekha mu 2019 atalowa kale ndi gulu la Fleetwood Mac. Pofika nthawiyo abambo oposa 20 adali atalowa kawiri kapena kuposa. Chaka chomwecho wolemba za nyimbo Evelyn McDonnell adawerenga maina onse a m'kaundulamo ndipo adapeza kuti amayi sadali kukwana ngakhale 10 mwa anthu 100 aliwonse.

Kasankhidwe kake ndiko kamafotokoza chiwerengerochi. Woimba amayenera kudikira zaka 25 kuchokera pamene adatulutsa nyimbo yake yoyamba. Komiti yaing'ono imakonza mndandanda wa maina, kenako anthu oposa 1,000 amaponya voti. Mwa ovotawo muli oimba amene adalowa kale. Choncho ngati oyamba kulowa adali abambo okhaokha, mawu awo ndiwo adachuluka posankha otsatira, ndipo nawo adakondera amene adakula akuwamvera. Palibe lamulo lotsekereza amayi, koma dongosolo lotere limangobereka zofanana nalo.

Maganizo a ena mwa agamuliwo adaonekera poyera mu Sepitembala 2023. Jann Wenner, mmodzi mwa amene adayambitsa magazini ya Rolling Stone komanso Hall of Fame imene, adatulutsa buku la macheza ake ndi oimba asanu ndi awiri omwe adawatcha akadaulo. Onsewo adali abambo achizungu. Nyuzipepala ya New York Times itamufunsa chifukwa chake, adayankha kuti sadapeze mayi wotha kufotokoza maganizo mozama ngati abambowo, ndipo adalankhulanso zofanana ndi zimenezi za oimba akuda. Adapepesa, ndipo bungwelo lidamuchotsa mu bodi yake. Komabe munthuyu adakhala zaka zambiri ali ndi mphamvu pa yemwe aoneke pachikuto cha magazini yotchuka koposa pankhani za rock.

Zofanana zidachitika mu 2018, pamene Neil Portnow, yemwe ankatsogolera bungwe lopereka mphoto za Grammy, adafunsidwa za kuchepa kwa amayi opambana. Iye adati amayiwo ayenera kudzikoka. Yankholi likufanana ndi kuuza munthu kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, pamene pakhomo pa unawo wina waikapo mwala.

Chamba cha punk chikadayenera kukhala chosiyana. Chidabuka m'zaka za m'ma 1970 ku New York ndi ku London ndi mfundo yoti aliyense angathe kunyamula gitala n'kukwera pansanja, ngakhale asadaphunzire zoimba. Amayi ambiri adalowera pakhomo limeneli. Patti Smith adatulutsa chimbale cha Horses mu 1975. Ku London, Poly Styrene, mwana wa mayi wa ku Britain ndi bambo wa ku Somalia, adatsogolera gulu la X-Ray Spex ndipo ankaimba motsutsa malonda ogwiritsa ntchito thupi la mkazi ngati nyambo. Gulu la atsikana la The Slits lidayenda ulendo umodzi wa zoimba ndi The Clash mu 1977. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Olympia ku America, gulu la Bikini Kill ndi anzake adayambitsa riot grrrl. Kathleen Hanna ankaitanira atsikana kutsogolo kwa nsanja chifukwa kumeneko ankakankhidwa ndi kugwiridwa mosayenera ndi anyamata.

Koma mbiri ya punk italembedwa, idatsata njira yakale ija. Ramones adalowa mu Hall of Fame mu 2002, The Clash mu 2003 ndipo Sex Pistols mu 2006. Pofika pamwambo wa 2025, The Slits, X-Ray Spex ndi Bikini Kill adali asadalowe, ndipo Poly Styrene adamwalira kale mu 2011. Gulu la The Go-Go's, lomwe lidachokera m'mabwalo a punk ku Los Angeles, mu 1982 lidakhala gulu loyamba la amayi okhaokha olemba nyimbo zawo ndi kudziimbira zida kufika pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale wa Billboard. Lidadikira mpaka 2021.

Pali ena amene amati mphoto zilibe ntchito, makamaka kwa oimba punk, ndipo amakumbutsa kuti Sex Pistols adakana kupita kumwambo wawo. Koma kukana ulemu n'kwapafupi kwa amene wapatsidwa. Dzina likalowa m'mabuku, mawailesi amaulutsanso nyimbo zakale, makampani amatulutsanso zimbale, ndipo okonza maphwando a zoimba amakweza malipiro. Wosiyidwa kunja amataya ndalama zimenezi, iye pamodzi ndi ana ake. Mu 2023 phwando lalikulu la Glastonbury ku England lidaika abambo okhaokha pamalo atatu apamwamba: Arctic Monkeys, Guns N' Roses ndi Elton John. Wokonza phwandolo, Emily Eavis, adati vuto likuyambira pansi, kumene makampani salera amayi okwanira mpaka kufika pamsinkhu umenewo.

Zolimbikitsa ziliponso. Pamphoto za Grammy za 2021, onse opikisana m'gawo la kaimbidwe kabwino ka rock adali amayi kapena magulu otsogozedwa ndi amayi, koyamba m'mbiri ya gawolo, ndipo Fiona Apple adapambana. Mu 2024 gulu la amayi atatu la boygenius lidatenga mphoto ziwiri za rock, pamene Paramore, lotsogozedwa ndi Hayley Williams, lidakhala gulu loyamba lotere kupata mphoto ya chimbale chabwino cha rock. Izi zidadza bungwe la Grammy litayamba kuitana amayi ambiri kuti akhale m'gulu la ovota, kutsatira mkwiyo umene mawu a Portnow adautsa.

Phunziro lake lili pomwepo. Chiwerengero cha amayi opambana chimakwera pamene chiwerengero cha amayi osankha chakwera. Kulemba dzina la malemu m'kaundula sikuvuta ndipo sikulanda mpando wa munthu aliyense. Chovuta n'kupereka malo m'komiti zosankha, m'maofesi a makampani ojambula nyimbo ndi pamwamba pa zikwangwani za maphwando kwa amayi amene akuimba lero. Ngati zimenezi sizichitika, mu 2064 padzakhalanso mwambo wina ku Cleveland, womwe adzaombera m'manja mayi amene sadzakhalapo kuti amve.