Magazi a Munthu Wosadwala Angatichenjeze za Malungo

Ife a m'mbali mwa nyanja timazindikira kuti malungo akula pamene khonde la chipatala cha Lungwena ladzaza ndi amayi obereka ana otentha thupi. Komatu pamenepo mpata wodziteteza umakhala utapita. Ambiri mwa akuluakulu a kuno analumidwa ndi udzudzu kuyambira ubwana, kotero amatha kusunga tizilombo ta malungo m'magazi mwawo osamva kalikonse, nkumapita kukapha usipa monga mwa masiku onse. Udzudzu ukawaluma umatenga tizilomboto nkukapatsira mwana.

Anthu otere sabwera kudzapimitsa, popeza sakudwala. Magazi awo amaonedwa pokhapokha akapita kukapereka kuti athandize odwala. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, limapima magazi operekedwa pofufuza HIV, matenda a chiŵindi, chindoko ndi malungo, pofuna kuteteza wolandira. Maganizo anga ndi akuti zotsatirazi zigwirenso ntchito yachiŵiri. Chiŵerengero cha opezeka ndi tizilombo, popanda kutchula dzina la munthu, chizifika msanga kwa alangizi a zaumoyo a dera limene magaziwo achokera. Chikayamba kukwera, iwo achenjeze midzi, aone ngati masikito ali bwino, ndipo chipatala chiitanitsiretu mankhwala.

Njirayi inayesedwa kale kunja. Ku America anayamba kupima magazi operekedwa m'chaka cha 2003 pofufuza West Nile, matenda ofalanso ndi udzudzu, ndipo opezeka nawo amadziŵitsidwa ku ofesi za zaumoyo. Ku Puerto Rico, m'chaka cha 2016, magazi a opereka anasonyeza mmene matenda a Zika anali kufalira mwa anthu osadwala.

Chovuta chathu nchakuti opereka magazi ambiri m'Malaŵi ndi ana a sukulu za sekondale. Ngati asodzi ndi alimi a ku Lungwena sapereka, chiŵerengerocho chidzanena za kwina, osati za kuno. Ena akuopabe chifukwa cha mphekesera za anamapopa, zomwe zinaphetsa anthu osalakwa m'chigawo cha kummwera m'chaka cha 2017. Dziŵani kuti magazi otengedwa sakwana theka la lita, thupi limabwezeretsa lokha, ndipo amakapulumutsa ana ochepa magazi chifukwa cha malungo, makamaka m'dzinja. Afunseni alangizi za tsiku limene otenga magazi adzafike kufupi ndi kwanu.