Akodiyoni sipweteka msana, amapweteka ndi malamba ake

Ndakhala ndikuimba akodiyoni ya mabatani m'makwaya ndi pamaliro kuno ku Kafue kwa nthawi yaitali, ndipo dandaulo lomwe ndimalimva kwa anzanga ndi limodzi: phewa likuwawa, dzanja lamanzere lachita dzanzi, msana ukukana kuwongoka. Ambiri amati ndi ukalamba. Ena amati choimbiracho n'cholemera mwachibadwa, munthu ungopirira. Ine ndikuti vuto lagona pa malamba, ndipo mipingo yomwe imasonkha ndalama zogulira choimbira koma n'kulephera kugula lamba wabwino ikuwononga oimba ake.

Pitani ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound mukaone mmene timapachikira zoimbirazi. Wina wamangira lamba wa chikwama cha sukulu. Wina wapota chitenje n'kuchikoleka m'khosi, mutu uli wera ngati akufuna ndalama yomwe yagwa pansi. Ambiri mwa ma akodiyoni athu anabwera atagwira kale ntchito kwina, zikopa zitauma n'kung'aluka, ndiye munthu amangotola chilichonse chomwe chingagwire.

Akodiyoni yaing'ono ya mabatani, yomwe Angerezi amaitcha melodeon, siyolemera kwenikweni. Yambiri imakhala pakati pa makilogalamu 3 ndi 5, pomwe zikuluzikulu za makiyi a piyano zimapitirira makilogalamu 10. Chomwe chimatopetsa ndi kaimbidwe kake. Batani lililonse limatulutsa mawu awiri, ena mukamakoka mvukuto, ena mukamakankha. Choncho m'nyimbo imodzi mkono wamanzere umasintha njira kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ukasintha, bokosilo limafuna kugwedezeka. Ngati lamba sakuligwira, dzanja lamanja ndilo limayamba kuligwira. Zala zomwe zimayenera kuthamanga pa mabatani zimasanduka zochirikiza katundu, nyimbo n'kumatuluka yodukaduka.

Ndiye poyambira ndi pa mpando. Ukhale wopanda zotsamira za mikono, mukhale chakutsogolo kwake, mapazi onse awiri ali pansi. Mbali ya mabatani a nyimbo itsamire pa ntchafu yamanzere kuti mvukuto ukhale panja, uzitseguka osakhula buluku kapena chitenje. Mvukuto ndi wa katoni, nsalu ndi kachikopa kopyapyala m'makona, ndiye ukamakhula mwendo tsiku ndi tsiku umabooka, mphepo n'kumathawa, woimba n'kumakoka mwamphamvu kuposa kale.

Pa nkhani ya malamba a paphewa pali kusiyana maganizo. Oimba ambiri a ku Ireland amakhala pansi ndi lamba mmodzi yekha, ndipo zimawayendera. Koma ife timaimba titaimirira, nthawi zina tikuyenda kuperekeza maliro kumanda, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Kwa ife malamba awiri ndiwo oyenera. Wamanzere afupikeko pang'ono kuposa wamanja, kuti bokosi likokekere kumanzere ndipo mabatani a nyimbo afike chapakati pa chifuwa. Mukatero chigongono chamanja chimatuluka pang'ono, dzanja n'kukhala lowongoka ndi mkono. Mukaona kuti mukupinda dzanja kuti mufikire mabatani, musaumirire. Fupikitsani kapena talikitsani lamba mpaka dzanja liwongoke. Ndipo ngati malamba akutsetsereka pamapewa, kalamba kakang'ono kolumikiza awiriwo kumsana kamathetsa vutolo.

Lamba yemwe anthu amamuiwala kwambiri ndi wa dzanja lamanzere, uja timalowetsamo dzanja kuti tikoke mvukuto. Akakhwepa, pamakhala kampata: mukasiya kukankha n'kuyamba kukoka, dzanja limayamba layenda lokha lisanagwire lamba, ndipo mawu amachedwa. Oimba kwaya amamva kuchedwako ngakhale sadziwa chochititsa, amangoti woimba akodiyoni akutibweza m'mbuyo. Akathinanso kwambiri, magazi sayenda bwino, ndipo chala chachikulu sichifikira batani lotulutsira mphepo. Muyezo wanga ndi uwu: dzanja lilowe mosavuta, lizitha kutsetsereka m'mwamba ndi m'munsi, koma lisamachoke pa thabwa mukamakoka. Lamba akatalika chifukwa cha thukuta ndi zaka, boolani bowo lina kapena sokererani kansalu kokhuthala mkati.

Chomwe chimandinyansa n'chakuti zonsezi n'zotchipa. Tawuni ino ili ndi osoka nsapato pamsika ndi m'makonde a masitolo, anthu odziwa kudula chikopa ndi kusokerera zomangira zachitsulo. Mupite nayo akodiyoniyo, woimbayo aivale pomwepo, amuyeze. Lamba akhale wotambalala ngati zala zitatu, pansi pake pakhale chofewa. Makampani monga Hohner ya ku Trossingen ku Germany, yomwe inayamba mu 1857, kapena amisiri a ku Castelfidardo ku Italy, anapanga malamba okhala ndi mabowo ambiri podziwa kuti matupi a anthu sali ofanana. Ife timatenga choimbira chomwe ankavala bambo wamtali n'kuchipachika pa mtsikana wa zaka 12 osasuntha ngakhale bowo limodzi, kenako n'kumadabwa kuti mwanayo wagwa ulesi.

Alipo akuluakulu omwe amandiyankha kuti akale ankaimba ndi chingwe ndipo sanafe. N'zoona, ndipo Abasotho a m'migodi ya ku South Africa omwe anakuza nyimbo za famo sankadikira malamba a kusitolo. Koma kupirira kwa akale si chifukwa choti mwana wa lero avulale pomwe wosoka nsapato ali pakhomo.

Kwa aphunzitsi a kwaya, pempho langa ndi lakuti tsiku loyamba la wophunzira musamupatse nyimbo. Muvekeni choimbira, mukonze malamba onse atatu, aimirire, asiye manja onse awiri. Bokosi likapendekeka kapena kutsikira pamimba, ntchito sinathe. Likakhala phee pachifuwa, akoke ndi kukankha mvukuto pa batani limodzi, mapewa ali pansi, akupuma bwinobwino. Mukamaliza musaisiye akodiyoniyo padzuwa kapena m'galimoto yotseka, chifukwa timalilime ta mkati tomwe timatulutsa mawu timamatidwa ndi phula, ndipo kutentha kwa kuno kumalisungunula.